Matenda opatsirana ndi a mgonagona: zoyenera kudziwa mabanja omwe ali ndi abale ku Lilongwe

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Machinga ali ndi munthu wawo ku Lilongwe. Wina amagulitsa m'shopu mumsewu wa Malangalanga ku Old Town, wina amabwera ndi usipa kudzapikulitsa mumsika waukulu, wina ndi mlonda kapena khukhi m'nyumba za mipanda ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, ndipo wina ali mu ofesi ku City Centre. Anthu amenewa ali ndi makomo awiri. Pa Eid, pa maliro, pa nikah ndi nthawi yolima amapita kumudzi, kenako n'kubwerera m'tauni. Nawonso makolo akadwalika kumudzi amatsikira kwa mwana wawo wa ku Lilongwe kuti awaperekeze kuchipatala chachikulu.

Matenda ambiri omwe akusautsa mabanja athu lero ali ndi mankhwala odziwika, ndipo zipatala za boma sizilipiritsa. Chomwe chimabweza odwala m'mbuyo kawirikawiri ndi kuchedwa kuyezetsa ndiponso kusiyira mankhwala panjira, makamaka munthu akayamba kupeza bwino kapena akakhala paulendo. Nkhani ino ikufotokoza matenda omwe timakumana nawo kwambiri, kumene chithandizo chake chili mu Lilongwe, ndi momwe banja lingatetezere wodwala wake kuti asadukize mankhwala.

Funso loyamba kwa dokotala

Matenda opatsirana amayamba ndi tizilombo tochokera kwa munthu wina, m'madzi, m'chakudya, mumpweya kapena kwa udzudzu. Matenda a mgonagona ndi omwe amakhala m'thupi zaka zambiri kapena moyo wonse, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khunyu. HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ali mbali zonse ziwiri: ndi opatsirana komanso ndi okhalitsa.

Kwa banja, chofunika kwambiri ndi kudziwa kutalika kwa mankhwala. Musatuluke m'chipinda cha dokotala musanafunse kuti, “Mankhwalawa ndimwa mpaka liti?” A malungo amatha masiku 3. A chifuwa chachikulu amatha miyezi 6. A HIV, a BP ndi a shuga alibe tsiku lomaliza, chifukwa ntchito yake ndi kugonetsa matendawo kuti asaononge thupi. Wodwala amene wamvetsa gulu lomwe matenda ake ali sanyengedwa ndi kupeza bwino kwa milungu iwiri.

Kumene chithandizo chili

Chipatala cha Bwaila, chomwe akuluakulu amachitchulabe kuti ku Botomu, chili ku Old Town. M'kati mwa mpanda wake muli Martin Preuss Centre, yomwe idatsegulidwa mu December 2006 ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la Lighthouse mogwirizana ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe. Pamalowa chithandizo cha TB ndi cha HIV chimaperekedwa pamodzi, kuti wodwala matenda onse awiri asamayende mizere iwiri m'zipatala zosiyana.

Kamuzu Central Hospital, yomwe idatsegulidwa mu 1977, ndiyo imalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a chigawo chapakati, kuphatikizapo Salima ndi Nkhotakota. Kumeneko kuli kiliniki ina ya Lighthouse, kiliniki ya Baylor yosamalira ana ndi achinyamata omwe ali ndi HIV, makina osefera magazi a odwala impso, ndi chithandizo cha khansa. A ku Mangochi ndi Machinga amatumizidwa ku Zomba Central Hospital, ngakhale ambiri amasankha Lilongwe chifukwa ndiko kuli wowasunga.

Ku Central sikoyambira. Wodwala ayambe pa chipatala chaching'ono monga cha Area 18, Area 25 kapena Kawale, kapenanso ku Bwaila, ndipo akafunika madokotala akuluakulu amulembera kalata. Amene akuchokera kumudzi atenge kalatayo ku chipatala cha boma lake, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala ndi mabotolo onse a mankhwala omwe akumwa.

Chifuwa chachikulu

TB imayenda mumpweya wodwala akatsokomola, ndipo imafala msanga m'zipinda zothithikana zotseka mazenera: kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba, malo ogona ana a sukulu ndi madrasa, minibasi yotseka magalasi. Sipatsirana podyera mbale imodzi kapena popatsana moni.

Zizindikiro zake ndi kutsokomola milungu 2 kapena kuposerapo, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuwonda. Amene ali ndi HIV asadikire milungu iwiriyo. Kuchipatala amayeza makhololo ndi makina a GeneXpert, omwe amaonetsanso ngati tizilomboto tikumva mankhwala aakulu a rifampicin kapena ayi.

Miyezi 2 yoyamba wodwala amamwa mankhwala a mitundu 4 ophatikizidwa m'piritsi limodzi, ndipo miyezi 4 yotsatira amamwa a mitundu 2. Chiwerengero cha mapiritsi chimatengera kulemera kwa thupi. Mkodzo umafiira chifukwa cha rifampicin ndipo zimenezi si zoopsa, koma maso akachita chikasu kapena kusanza kukapitirira, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Pakatha milungu ingapo chifuwa chimachepa ndipo chilakolako cha chakudya chimabwerera. Apa ndi pomwe ambiri amasiya. Tizilombo totsala timachulukananso, ndipo tikhoza kukhala tosamva mankhwala, zomwe zimafuna mankhwala ena ovuta kumwa. Milungu 2 yoyamba ya mankhwala, wodwala aswalire kunyumba ndipo azigona m'chipinda cholowa mpweya, chifukwa nthawi imeneyi angathe kupatsira ena. Onse a m'nyumbamo akayezedwe, ndipo ana osakwana zaka 5 amapatsidwa mankhwala owateteza.

HIV

Wodwala Edzi woyamba m'Malawi adatsimikizidwa mu 1985. Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse mu 2004. Mu 2011 Malawi lidakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi kachilomboka pa mankhwala a moyo wonse, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti anthu pafupifupi 9 mwa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'mwamba ali ndi HIV, ndipo mwa omwe ankamwa mankhwala, pafupifupi 97 mwa 100 kachilomboka kadali katagona.

Kuyambira 2019 ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku lomwe muli dolutegravir. Munthu womwa mokhulupirika, yemwe magazi ake akuonetsa kuti kachilombo kagona, amakhala ndi moyo wautali, sapatsira mwamuna kapena mkazi wake pogonana, ndipo mayi angathe kubereka mwana wopanda kachilombo. Komabe kachilomboka kamabisala m'thupi, ndipo munthu akasiya mankhwala kamadzukanso m'milungu yochepa.

Ofuna kumanga nikah akayezetse limodzi, ndipo pabanja la mitala bambo ndi akazi ake onse adziwe momwe alili. Ku jando mwana aliyense akhale ndi lezala lakelake latsopano, kapena mdulidwewo uchitikire kuchipatala. Amene ali pa ma ARV akapezeka ndi TB auze akuchipatala, pakuti rifampicin amafooketsa dolutegravir ndipo pamafunika piritsi lowonjezera.

Manyazi ndi omwe amadula mankhwala ambiri. Mtsikana wantchito amabisa botolo poopa abwana, mpongozi amalisiya m'tauni poopa apongozi kumudzi. Wodwala aliyense akhale ndi munthu mmodzi womukhulupirira amene akudziwa, ndipo wouzidwayo asunge chinsinsi.

Kuthamanga kwa magazi ndi shuga

Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la kafukufuku la MEIRU lidayeza akuluakulu oposa 28,000 ku Area 25 mu Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga. Mwa omwe adapezeka ndi BP yokwera, 58 mwa 100 aliwonse sankadziwa, ndipo mwa a shuga 41 mwa 100 sankadziwa. Amayi 44 mwa 100 a m'tauni adali olemera mopyola muyezo. Matendawa sasankha a m'mayadi okha. Moyo wa m'tauni wokhala pansi tsiku lonse pakauntala, chipisi cha pachiwaya masana, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga umafika kwa bwana ndi wantchito yemwe.

BP nthawi zambiri siimveka m'thupi. Imadziwika poyeza, ndipo ikapezeka pa 140/90 kapena kuposerapo masiku osiyanasiyana, ndiye kuti yakwera. Ikalekereredwa imaononga mtima, impso ndi maso, kapena kubweretsa sitiroko. Mankhwala ofala m'zipatala zathu ndi hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril. BP ikatsika, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, choncho apitirizidwe. Mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo ndi wa m'timibulu tokometsera msuzi. Munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, akafooka mkono kapena mwendo mbali imodzi, kapena akayamba kulankhula zosamveka, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

Shuga amadziwika ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuwonda, kusaona bwino ndi zilonda zosapola. Poyeza m'mawa munthu asanadye, 7.0 mmol/L kapena 126 mg/dL kupita m'mwamba ndi chizindikiro cha matendawa. Ambiri amayamba ndi metformin, ena amaonjezeredwa glibenclamide, ena amafunika jakisoni wa insulin. Kumene kulibe firiji, insulin asungidwe pamthunzi mumtsuko wadothi wozizira. Wodwala shuga amagwidwa TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa ena, choncho chifuwa chake chisachedwe kuyezedwa.

Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, koma mitanda ichepe ndipo masamba, nyemba ndi nsomba zichuluke. Mpunga ndi kondowole nazonso zimakweza shuga. Mapazi afunika diso tsiku lililonse, chifukwa shuga amapha mitsempha ndipo munthu amavulala osamva. Nthawi ya wudhu ndi mpata wabwino wowayang'ana ndi kupukuta pakati pa zala. Asayende wopanda nsapato pamchenga kapena pasimenti yotentha. Womwa glibenclamide kapena wobaya insulin akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka, shuga watsika kwambiri: apatsidwe madzi a shuga msanga, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, pitani naye kuchipatala.

M'misika mumamveka zimkuzamawu zolonjeza kuchiza shuga ndi BP m'sabata imodzi. Palibe mankhwala otero. Dua ndi mapiritsi zimayendera limodzi, ndipo kufunafuna mankhwala ndi chiphunzitso cha Mtumiki wathu, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye.

Zomwe timachoka nazo kunyanja

Likodzo limayamba ndi tizilombo totuluka mu nkhono za m'madzi osaya, tomwe timalowa pakhungu posamba, pochapa kapena pokoka khoka. Nyongolotsi zake zimakhala m'thupi zaka zingapo, choncho munthu amene adachoka kunyanja kalekale akhoza kukhala nalobe. Mazira ake amaononga chikhodzodzo ndi njira za mkodzo, ndipo pakapita zaka angabweretse vuto la impso kapena khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi limayambitsa zilonda m'njira yoberekera ndi kutaya magazi, zomwe ena amaziyesa matenda opatsirana pogonana n'kusokoneza banja popanda chifukwa. Mwana kukodza magazi ndi matenda, si kukula. Uzani dokotala wa ku Lilongwe kuti mudakulira kunyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwedwa munthu atadya, ndipo akabwerera m'madzi omwewo angathe kulitenganso. Madzi a m'nyanja osamba akakhala m'chidebe masiku 2, tizilomboto timafa.

Hepatitis B imapatsirana pobadwa, kudzera m'magazi ndi pogonana. Imakhala chete zaka zambiri mpaka chiwindi chitauma kapena kuchita khansa. Katemera wake adalowa mu ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2002, kotero obadwa chaka chimenecho chisanafike ndi omwe ayenera kufunsa zoyezetsa magazi. Alipo mankhwala oigonetsa kwa omwe akufunika.

Malungo ndi ochuluka m'mphepete mwa nyanja kuposa m'mayadi a m'tauni. Ana opita kumudzi patchuthi anyamule neti, ndipo wotentha thupi pobwerako akayezedwe asanamwe kanthu. LA amamwedwa kawiri patsiku masiku 3, kasanu ndi kamodzi konse, pamodzi ndi chakudya. Kusunga mapiritsi otsala kuti adzathandize mwana wina ndi kudwalitsa ana awiri.

Kolera

Mliri womwe udayamba ku Machinga mu March 2022 udafika m'maboma onse, n'kudwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Lilongwe, Blantyre ndi Mangochi ndi ena mwa maboma omwe adavutika kwambiri, ndipo mu January 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Madzi a pampopi nawonso angaipe: mu July 2017 zonyansa za m'zimbudzi zidalowa m'mapaipi a madzi akumwa ku Area 18. Madzi akasintha fungo kapena mtundu, komanso nthawi iliyonse ya mliri, awiritsidwe kapena athiridwe kolorini.

Kolera imapha pomaliza madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa. Wotsekula m'mimba zamadzimadzi ayambe kumwa Thanzi ORS pomwepo ndipo azimwa m'njira yonse yopita kuchipatala. Ngati palibe, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni 6 ta shuga tosadzaza mutu ndi theka la kasupuni ka mchere.

Thupi la womwalira ndi kolera limapatsirabe matenda. Osambitsa janaza atsatire malangizo a azaumoyo, omwe amathira kolorini ndi kupereka zovala zodzitetezera, ndipo maliro asagonekedwe kapena kunyamulidwa ulendo wautali kupita kumudzi. Pamene kusambitsa kwa nthawi zonse kuika amoyo pangozi, maulama amaloleza njira zopepuka, ndipo swala ya janaza imachitika bwinobwino. Pasaphikidwe chakudya cha gulu pamaliro otero.

Ramadhan ndi mankhwala

Surah Al-Baqarah imapatsa wodwala chilolezo chosasala ndi kudzabweza masikuwo akachira. Amene matenda ake ndi osatha ndipo kusala kungamuvulaze amapereka fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Kulandira chilolezochi si kuchepa chikhulupiriro.

Wodwala shuga kapena BP aonane ndi dokotala milungu 6 mpaka 8 mwezi usanaoneke, kuti nthawi ndi mlingo wa mankhwala zikonzedwe. Asasinthe yekha. Amene shuga wawo sakukhazikika, amene adakomokapo posachedwa chifukwa cha kutsika kwa shuga, odwala impso kwambiri ndi amayi oyembekezera a shuga amalangizidwa kuti asasale. Amene waloledwa asaphonye dakwi, amwe madzi okwanira usiku, ndipo pomasula achepetse zotsekemera. Kudzibaya chala poyeza shuga sikuononga swaumu. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, omwe ndi 70 mg/dL, kapena akakwera kupyola 16.6 mmol/L, omwe ndi 300 mg/dL, amasule nthawi yomweyo ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa.

Womwa piritsi limodzi la ARV angathe kulisamutsira usiku atagwirizana ndi akukiliniki. Wodwala malungo, kolera kapena amene wangoyamba mankhwala a TB ali wofooka ndi wodwala ndithu, ndipo adzabweza masiku ake.

Pokonzekera ulendo

Musananyamuke pa depoti ya ku Old Town, werengani mapiritsi ndipo mutenge oposa masiku omwe mukuganiza kukakhala, chifukwa maliro ndi mvula zimatalikitsa ulendo. Mankhwala ndi kabuku zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu womangidwa pamwamba.

Ngati tsiku lanu la kukiliniki likugwera pamene muli kumudzi, pitani msanga mukawauze. Omwe akuyenda bwino pa ma ARV amatha kupatsidwa a miyezi 3 mpaka 6. Amene ma ARV amuthera ali kutali apite pa kiliniki iliyonse yapafupi ndi kabuku kake, adzamupatsa omufikitsa kwawo. Wosamuka kwa nthawi yaitali atenge kalata yosamutsira dzina lake, makamaka wa TB, kuti miyezi yake ipitirire pomwe idalekezera.

Mankhwala a BP ndi shuga nthawi zina amasowa m'zipatala za boma. Zikatero pemphani akulembereni dzina ndi mlingo wake kuti mukagule ku famase yovomerezeka, ndipo abale asonkherane ndalamayo monga momwe amasonkhera ya thiransipoti ya maliro. Musamwe mapiritsi a mnzanu chifukwa choti nayenso ali ndi BP.

Udindo wa apabanja ndi olemba ntchito

Wodwala matenda okhalitsa amafuna munthu mmodzi wodziwa tsiku lake la kukiliniki, mayina a mankhwala ake ndi zizindikiro zoopsa. Kwa makolo okalamba omwe sawerenga, mwana alembe masikuwo pa kalendala ndipo agwirizanitse mapiritsi ndi nthawi za swala, monga pambuyo pa Fajr ndi pambuyo pa Isha. Mphika wa banja lonse uchepe mchere, kuti wodwala asamadye payekha ngati wolangidwa.

Kwa inu omwe muli ndi mashopu ku Old Town kapena antchito m'nyumba zanu, mpatseni wantchito tsiku lake la kuchipatala popanda kumudula malipiro kapena kumufunsa matenda ake. Mlonda wa TB akamwa mankhwala milungu yoyamba ndipo akuchipatala akatsimikiza, angathe kubwerera pantchito. Khukhi yemwe ali ndi HIV sapatsira aliyense kudzera m'chakudya.

Pokazonda wodwala, funsani ngati mankhwala alipo ndi ngati ali ndi ya minibasi ya tsiku la kukiliniki. Musabwere ndi nkhani za uje amene adamwalira ndi matenda omwewo, ndipo zomwe mwaona m'nyumbamo zithere momwemo. Tikupempha Allah kuti achize odwala athu ndi kuwalimbitsa mtima onse owasamalira. Ameen.